Chiepuloni ndi Chiperoni

Aliyense amene anamwapo tiyi pakhonde panga ku Likhubula kuno anandimvapo ndikunena kuti amuna anga ndi osamva. Ndinkanena kwa makasitomala, ndinkanena kuchigayo, ndinkanenanso ku Mvano ikafika nthawi yotchula zoti atipempherere. Mpaka lero mawu amenewo sindinawabweze, chifukwa sindinkanama.

Ine ndine Esteri. Ndimagulitsa tiyi ndi zitumbuwa kwa amuna onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Amuna angawo ndi a Kingstone, bambo a Takondwa, amene anagwira ntchito mufakitale ya tiyi kuyambira ali ndi tsitsi lonse mpaka atatsala ndi la m'mbali lokha. Kwawo ndi ku Thuchila. Kuno anachita kubwera kudzakwatira. Malo ndi a mayi anga, nyumba ili pamalo a mayi anga, ngakhale mtengo wa mapeyala umene amakonda kukhala patsinde pakewo anabzala ndi mayi anga. Ndipo mkamwini, banja likatha, satenga khasu kapena mpando. Amapinda bulangete lake, n'kulikoleka paphewa, ulendo wa kwawo.

Chipumireni pantchito, bambowa anasanduka chitsa. Ndikati, "Bambo a Takondwa, nkhuni zatha," zii. Ndikati, "Mbuzi yalowa m'dimba," zii, maso ali kuphiri ngati akudikira kuti lisunthe. Nthawi zina ankangomwetulira n'kumati "eya, eya" pa nkhani yosafuna eya. Tsiku lina ndinawauza kuti azakhali anga amwalira ku Muloza, iwo n'kundiyankha kuti, "Eya, zili bwino zimenezo."

Musaganize kuti ndinkangokwiya basi. Mtima unkandipweteka. Munthu amene kale ndikatsokomola kukhitchini ankathamanga kuchoka kudimba kudzafunsa kuti ndatani, lero mawu anga asanduka mphepo? Ndinaganiza zambiri: kuti atopa nane, kuti kuli wina ku Chitakale, kuti wina wawadyetsa. Tsiku lina zitandifika pakhosi ndinakaima patsogolo pawo, manja m'chiuno, n'kuwauza maso ndi maso.

"Kusamva kwanuku kwandikwana. Tsiku lina mudzanyamula bulangete lanu, muzikauona msewu wa ku Thuchila."

Zodabwitsa, zimenezo anamva. Anandiyang'ana pakamwa mpaka ndinamaliza, kenaka anati chapansipansi, "Bulangete lake liti, mayi a Takondwa? Limene ndinabwera nalo lija munayalira nkhuku kuti ikhalire mazira."

"Ndidzakugulirani lina!" ndinatero.

Ndinanena ndi mkwiyo, inde, koma maganizo owabweza kwawo anali atayambadi kundizungulira m'mutu. Ndinkawathamangitsa, iwo n'kumabwerera ngati ntchentche pa shuga.

Kenaka kunayamba chiperoni. Wosakhala ku Mulanje sangamvetse. Si mvula yoti ubisale n'kudikira ikate ayi. Ndi kamvula kamwano kochokera ku Mozambique, kowaza ngati munthu akukulavulira, kosatopa, phiri lonse n'kubisala mu nkhungu. Nyengo imeneyo ndi imene tiyi amayenda malonda, ndipo tiyi akayenda malonda makapu otsuka amachuluka. Ine tsiku lonse ndinkakhala chowerama pabeseni, pafupi ndi thandala. Kaepuloni kanga kansalu kankanyowa dzuwa lisanakwere, madzi n'kudutsa chitenje, n'kudutsa diresi, mpaka pamimba. Chifuwa chinandigwira, chija chotsokomola ngati ukusefa miyala.

Ku Chitakale ndinali nditaonako mayi wina wogulitsa nsomba atavala epuloni ya pulasitiki, madzi akungotsetsereka osalowa. Ndinaisirira. Koma yakeyo inali yaing'ono, ndipo ine Mulungu sanandimane thupi. Kaepuloni sikangandikwane. Ine ndinkafunika chiepuloni.

M'mawa wina a Kingstone ankapopa njinga kuti apite ku Chitakale komweko kukapikula shuga ndi mafuta. Ine ndili pabeseni, nditawafulatira, ndinati, "Mukandigulirekonso chiepuloni, chachikulu, cha pulasitiki, choti madzi asamalowe."

Zii.

Ndinabwereza. Zii. Mpope wokha ndiwo unkayankha, fwii, fwii. Ndinataya kapu m'madzi, ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinakawaikira ndalama m'dzanja, n'kufuula pamaso pawo mawu amodzi okha.

"Chiepuloni!"

Nkhope yawo inagwa. Anayang'ana ndalamayo, anandiyang'ana ine.

"Lero lomwe?"

"Nanga liti? Ndapirira mokwanira."

"Chabwino," anatero. "Ndamva."

Anabwerako dzuwa litapendeka. Shuga analipo, mafuta analipo, ndipo pakaliyala panali pamangidwa bulangete lotuwa, lokanda, lija tonse timalitchula kuti chiperoni, limene amafunda alonda ndi ana asukulu zogonera komweko.

"Ichi n'chiyani?"

"Si mwanena nokha m'mawa muja?"

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinatembenuka n'kulowa kukhitchini ndikubwebweta. "Ndizitsuka makapu nditafunda bulangete? Chiepuloni ndi chiperoni zikufanana pati? Munthu wamkulu ndithu, wa zidzukulu!" Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera mayi wa Mvano, ndipo zonsezo anamva ndi mapoto. Nditatuluka ndinawapeza ataima pomwe paja, bulangete lili m'manja.

"Ndikupempha chinthu chimodzi, mayi a Takondwa," anatero. "Mundipatseko masiku pang'ono. Pali kantchito kamene ndikufuna nditsirize. Kakatha ndinyamuka, sindivuta."

Ndiye kuti akufuna kupita okha! Ine ndinangoopseza, iwo atengerapo mwayi, ndipo bulangete la ulendolo agulira ndalama ya zitumbuwa zanga. Mumtima munali mawu oti "musapite." Anafika pakhosi, anakumana ndi ukali, n'kubwerera.

"Tsirizani," ndinatero. "Njira simunaiiwale."

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kanyumba kosungiramo njinga ndi makasu. Kuyambira tsiku lotsatira, a Kingstone akamwa tiyi ankalowa m'menemo n'kutseka chitseko ndi mwala. Ndipo zinthu zinayamba kusowa. Inasowa sizasi yanga. Inasowa ambulera yothyoka imene inkakhala kudenga. Unasowa ulusi wolimba uja timasokera matumba a chimanga. Inachokanso pamsomali renikoti yawo yachikasu, imene anawapatsa kufakitale powatsanzika, chinthu chimene ankachikonda kuposa ana awo. Renikoti imeneyo sankalola munthu kuikhudza. Mvula ikakhala yamphamvu kwambiri ankaisiya m'nyumba kuti isaonongeke, iwo n'kumanyowa. Nditaona msomali uli wokha ndinati basi, ayamba kulongedza.

Ndiye kunabwera za bango.

Ndinali chiweramire pabeseni monga mwa masiku onse pamene ndinamva kanthu kakundikhudza pakhosi. Ndinayesa ndi ntchentche. Kanandikhudzanso kuseri kwa bondo. Kutembenuka, ndinapeza a Kingstone atagwada kumbuyo kwanga, atagwira bango, chala chili pamene pathera bondo langa. Atangoona kuti ndawaona anaimirira, anabisa bangolo kumbuyo ngati mwana wakuba nzimbe, n'kuyamba kuyang'ana kumwamba.

"Kukhala ngati kucha lero," anatero. Kunja kuli chiperoni cha tsiku lonse.

Kwathu kuno munthu amayezedwa ndi bango kamodzi kokha, ndipo mwini wakeyo sadziwa, chifukwa amakhala atagona chogona, adzukulu akudikira muyeso kumanda.

Ndinathamangira kwa a Brenda, oyandikana nawo nyumba, amene nkhani ikawapeza amaithira mchere isanapse.

"Akuyezani? Ndi bango?" Anaika pansi lichero. "Mayo ine! Kuyambira pati?"

"Pakhosi mpaka m'mawondo."

"M'mawondo basi?"

"Eya. Ndiye mwina si zimenezo. Bokosi lofika m'mawondo munalionapo?"

A Brenda anaganiza kaye. "Matabwa adula masiku ano, asisi. Mwina akufuna akakupindeni."

Mawa lake zinaonjezekera. Ndikukanda ufa wa zitumbuwa, bambowa anabwera mwakachetechete n'kundikumbatira m'chiuno. Ine ndi a Kingstone tinali titasiya kalekale zokumbatirana masana, moti ndinaima chilili, manja ali mu ufa. Ndinamva fungo la malaya awo, la utsi ndi sopo. Ndinene zoona, mtima unasungunuka. Ndinati mwina asintha maganizo, mwina akupepesa m'njira yawo. Ndinatsala pang'ono kutsamira pachifuwa pawo. Kenaka ndinamva kanthu kakundithina pamchombo. Kuyang'ana pansi, luzi. Anali atandizunguliza luzi, ndipo pamene nsonga zinakumana anamanga mfundo, n'kuthawa nalo kukanyumba kuja.

Sindinalire pamaso pa makasitomala. Ndinakalirira kuseri kwa thandala, ndipo zitumbuwa za tsiku limenelo zinapserera.

Masana ake a Brenda, amene anali atadzipatsa ntchito yosuzumira pa mng'alu wa kanyumbako, anabwera akupuma wefuwefu.

"Asisi, zafika pena. Amuna anu akudzibatiza."

"Akutani?"

"Avala chinthu chachikasu ngati siketi, chofika mpaka m'mapazi. Atenga ketulo yanu, akudzithira madzi pachifuwa, kenaka akupisa dzanja mkati kumagwira buluku. Akapeza ponyowa akupukusa mutu n'kumadzilankhulira. Akapeza pouma akuseka okha. Ngati si mankhwala amenewa, ndiye kuti mutu wazungulira."

Inu amene mukuwerenga mwina mwazindikira kale chimene chinkachitika m'kanyumbamo. Zikomo, ndinu anzeru. Koma inu simunayezedwe ndi bango.

Chimene chinathyola msana ndi simbi. Linali tsiku la Mvano. Ndinaika makala m'simbi, ndinaikupiza mpaka inatentha bwino, ndinayala bulauzi yanga yoyera patebulo. Kungoidinda kamodzi pamsana, kunamveka fungo la pulasitiki wopsa. Kuitukula, pabulauzi panali chidindo chachikasu, chonanda, chofanana ndendende ndi kunsi kwa simbi. Ndinaitembenuza simbiyo. Kunsi konse kunali phala lachikasu.

Ndinakagogoda kukanyumba ndi simbi yomweyo. Anatsegula pang'ono, n'kutulutsa mutu wokha.

"Simbi yanga mwaitani?"

Anaiyang'ana. "Ndimayesa kumata msoko," anatero. "Sizinatheke. Sulushoni ndiye akugwira bwino."

N'kutsekanso chitseko.

Ku Mvano ndinapita nditavala juzi pamwamba, ndipo tikuimba ndinatuluka thukuta mpaka amayi busa anandifunsa ngati ndili ndi malungo. Potuluka sindinabwerere kunyumba. Ndinalunjika kwa achimwene anga a Yakobo, amene ndi nkhoswe yanga. Ndinawauza zonse: kusamva, bulangete, bango, luzi, ubatizo, simbi.

"Ndiye iwe ukufuna chiyani, Esteri?" anafunsa a Yakobo. "Apite?"

"Akufuna okha."

"Ndafunsa iwe."

A Yakobo anakanda chibwano n'kunena kuti abwera Loweruka okha kaye, adzamve mbali zonse, asanatumize mawu kwa ankhoswe akuchimuna ku Thuchila.

Loweruka kunacha ndi chiperoni chake. Makasitomala ndinawabweza. Tinakhala pakhonde: a Yakobo pampando wa ndalema, ine pamkeka, a Kingstone pabenchi la makasitomala, manja ali pamawondo ngati ali kwa dokotala. A Yakobo anayamba ndi kupempha tiyi. Achimwene angawa ndi munthu woti ndalama yawo ikalowa m'thumba imaiwala kuti kunja kuli dzuwa, ndipo nkhani za ukhoswe amazikonda chifukwa zimabwera ndi zitumbuwa zaulere.

Ndinayamba kufotokoza. Ndinkalankhula ndikuyang'ana a Yakobo, monga mwa ulemu wake. Ndisanafike n'komwe pa bango, a Kingstone anaimirira n'kulowa m'nyumba.

"Mwaonatu!" ndinatero. "Munthu akulankhula, iwo n'kunyamuka. Ndi moyo wanga wa tsiku ndi tsiku umenewu."

Anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi. Paphewa panali bulangete lija, lopindidwa bwino, lomangidwa ndi luzi. M'manja munali phukusi la pepala la simenti.

"Alamu," anatero, "musataye malovu. Nkhani ndinaimva kale. Mayi a Takondwa anandiuza maso ndi maso, ndipo ndalama ya chiperoni anandipatsa okha. Sindikukana, sindikudandaula. Pakhomo pano ndadya bwino, ndasungidwa bwino. Ndinangopempha masiku kuti nditsirize ichi."

Anagwada n'kuika phukusilo pamkeka, patsogolo panga. Ndinachita mantha kulitsegula. A Yakobo anasuntha mpando wawo cham'mbuyo, kapu ili m'manja.

Ndinamasula. Munali chinthu chachikasu, chopindidwa kanayi. Nditachitambasula, chinafika uku ndi uku.

Sindinaonepo chovala chonyansa ngati chimenecho. Kunsi konse kunali msana wa renikoti ija. Pachifuwa panali chigamba chakuda cha nsalu ya ambulera, pamene simbi inadya. Misoko inali ikuluikulu ngati ya thumba la chimanga, ndipo pamwamba pa msoko uliwonse anamatapo kachidutswa ka chubu cha njinga ndi sulushoni, kuti madzi asalowere m'mabowo a singano. Zingwe zomangira m'chiuno zinali manja a renikoti, ong'ambidwa m'litali n'kupindidwa. Chonsecho chinkanunkha ngati shedi ya okonza njinga.

Koma chinali chiepuloni.

"Imani, muyese," anatero a Kingstone.

Ndinaimirira ngati wogwidwa ndi tulo. Anandikoleka chingwe m'khosi, ndipo ndinamva kufewa: anali atachikulunga ndi nsalu ya malaya awo akale a fulanelo kuti pulasitiki asandicheke. Anandizungulira n'kumanga kumbuyo. Zingwe zinakwana ndendende, n'kutsalako ya mfundo. M'litali chinathera pansi pa mawondo, pamene panafika bango paja.

"Thumba ndaika kumanzere," ankafotokoza akuloza, osandiyang'ana kumaso, "poti inu ndinu amanzere. Lili ndi chivindikiro, machesi asamanyowe. Apa ndaphatikiza kawiri, chifukwa ndi pamene mumatsamira beseni. Madzi amakumenyani apa, n'kutsikira apa. Ndakhala ndikuona ndili patsinde paja. Mukatsokomola mumagwira apa." Analoza pachifuwa pawo. "Kunsiku ndapindira m'mwamba ngati ngalande, kuti madzi asamagwere kumapazi, azitulukira kumbali. Ndimati ndisanapite ndikusiyireni choti musamanyowe."

Ndinawayankha ndi ukali, poti ine njira ina sindiidziwa.

"Bambo inu! Si chimenechi ndinakutumani ku Chitakale? Chiepuloni!"

"Eya," anatero, akusisita bulangete paphewa. "Chiperoni. Ndi ichi, ndinagula."

"Chi-e-pu-lo-ni!"

"Chotuwa chokhachi ndi chimene chinalipo. Chabwinobwino ndithu, musadandaule."

A Yakobo anaika kapu pansi. Anayang'ana a Kingstone, anayang'ana ine, maso atatsinzina pang'ono. Kenaka anadzuka mwakachetechete, anakaima kumbuyo kwa alamu awo, n'kunena ndi mawu omveka mpaka kwa a Brenda, amene anali kale pampanda:

"Alamu, tiyeni pasiteji ndikakugulireni mowa. Mumwe mmene mungathere. Ndilipira ine."

Zii. A Kingstone anali kalikiliki kukonza mfundo ya luzi pabulangete.

"Ndi nyama yootcha yomwe," anaonjezera a Yakobo, mawu akunjenjemera.

Zii.

"Esteri," anatero achimwene, "chibadwire changa sindinanenepo mawu amenewa kwa munthu. Wamakutu akanakomoka. Awa sakumva."

"Si zimene ndakhala ndikunena zaka zonsezi?"

"Ayi, mlongo. Sakumva. Makutu anagontha."

Kunja kamvula kanapitiriza kuwaza pamalata. Ine ndinali chiimire, nditavala renikoti ya amuna anga.

A Yakobo anazungulira, anawagwira a Kingstone mapewa, anawayang'anitsitsa, n'kufunsa pang'onopang'ono akuloza khutu. A Kingstone anakhala pabenchi. Anatsitsa bulangete n'kuliika pamiyendo.

"Ndi makina a kufakitale aja," anatero. "Zinayamba ndisanapume. Poyamba kunali kulira ngati nyenje. Pano zili ngati ndamira padziwe mu Likhubula, anthu akulankhulira kumtunda. Munthu akandiyang'ana ndimatola pakamwa, mawu ena ndimaphonya, ena ndimalumikiza. Koma mayi a Takondwa amalankhula nkhope ili m'beseni."

"Nanga osanena bwanji?" Ndinafuula, nditawerama kuti aone pakamwa panga. "Osanena bwanji?"

"Poyamba ndinkabisa. Mkamwini wopuma ntchito, wosabweretsa kanthu, aonjezerenso ugonthi? Ndinati adzati ndikusungiranji chimenechi." Anapukuta mphuno ndi chala. "Kenaka ndinaona kuti mwadziwa."

"Ndadziwa? Ine?"

"Ndinkakuonani mukuuza makasitomala, mukundiloza. Amuna anga ndi osamva. Mawu amenewo ndinawazolowera pakamwa panu, sindiwaphonya. Ndiye tsiku lija munabwera n'kundiuza nokha kuti kusamva kwangaku kwakukwanani." Anandiyang'ana, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono. "Ndinati n'zoona. Munthu amatopa. Sindinakuimbeni mlandu."

Ndakhalapo pamaliro ambiri, koma sindinamvepo chisoni ngati chimenecho. Munthu ameneyu anakhala patsinde pa mtengo nyengo yonseyo akuganiza kuti ndikumunyoza chifukwa cha matenda, pamaso pa anthu, ndipo yankho lake linali kudula renikoti yake. Wina asandifunse kuti wolakwa ndani. Ine ndimati ndi amene anayamba kutchula munthu wamwano ndi munthu wogontha ndi mawu amodzi.

A Yakobo, amene misozi ya anthu ena imawasowetsa mtendere, anatsokomola n'kutenga ketulo, madzi ake atazizira kale. "Tiyeni tione ngati ntchito ya alamuyi ili yoona," anatero, n'kundikhuthulira madzi onse pachifuwa asanandifunse n'komwe. Madzi anatsetsereka pachigamba cha ambulera, anadutsa pathumba, analowa m'ngalande ija, anathamangira kumbali, n'kukathera onse mu nsapato ya a Yakobo.

Ndinapisa dzanja mkati. Diresi inali youma gwa.

"Pouma?" anafunsa a Kingstone, khosi litatalika.

Ndinagwedeza mutu. Anaseka, kuseka kwa mano onse kumene ndinali nditakuiwala. Kumpanda a Brenda anaimba nthungululu, kenaka anakumbukira kuti sanaitanidwe, n'kubisala.

A Yakobo anakhuthula nsapato yawo, ananena kuti mlandu sauona, analangiza kuti Lolemba tipite kuchipatala ku boma akawaone makutuwo, n'kunyamula zitumbuwa zotsala ngati chindapusa. Za mowa zija sanazitchulenso, ndipo anandichenjeza ndi maso kuti ndisadzaziulule.

Titatsala awiri, ndinatenga bulangete pamiyendo pawo, ndinadula luzi ndi mpeni, ndinakaliyala pabedi. Limakanda ngati chitedze, koma lilipo mpaka lero. Kenaka ndinatuluka, ndinakoka tebulo la beseni n'kulitembenuza kuti ndikamatsuka ndiziyang'ana kumtengo wa mapeyala. A Kingstone anali akadali pabenchi, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, ngati mlendo amene sanauzidwe ngati agona kapena ayi.

Ndinayamba kutsuka makapu a a Yakobo. Chiepuloni chinkalira kwakwata, kwakwata ndikasuntha. Mawu aja anabweranso pakhosi, ndipo ulendo uno sanapeze wowatsekereza.

"Musapite," ndinatero, nkhope ili m'beseni.

Zii.

Ndinatsala pang'ono kupsa mtima. Kenaka ndinakumbukira. Ndinapukuta manja, ndinapita pabenchi, ndinawagwira chibwano n'kuwatembenuzira kwa ine, ndipo ndinanena pang'onopang'ono, pakamwa ponse.

"Mu-sa-pi-te."

Anayang'ana milomo yanga. Anayang'ana kamvula kunja. Kenaka anayang'ana chinthu chachikasu chimene chinandikuta kuyambira pakhosi mpaka m'mawondo.

"Ndipita bwanji?" anatero. "Renikoti mwavala ndi inu."